Mlendo wa Lalla Zhor

Kodi mungampatse chiyani mtsikana amene walongedza kale chikwama, tikiti ya sitima yapamadzi ili m'thumba, kuti asinthe maganizo n'kukhala? Musathamangire kunena zovala, pakuti mtsikana wa m'nkhani ino anali atapatsidwa kale mkanjo wa silika wopetedwa ndi ulusi wasiliva. Musanene chipinda chabwino, pakuti ankagona m'chipinda choposa zonse za m'nyumbamo, cha zenera loyang'ana kuphiri. Mnofu wofewa wa m'mbale unali wake, mtsamiro wofewa unalinso wake, komabe iye ankapita. Chimene chinamuimitsa anachilandira m'mawa wa Lachitatu lina, m'nyumba yakale ya mumzinda wa Tetouan, ndipo sichinali chogula. Yesani kuchilota pamene nkhani ikuyenda.

Mwini nkhawa yonseyi anali Touria, mzamba wa pachipatala china cha mumzindamo. Mwamuna wake, Abdeslam, mphunzitsi wa masamu, anagwa pabwalo la sukulu tsiku lina m'nyengo yozizira, mtima utaima, ndipo sanadzukenso. Touria anavala zoyera za umasiye miyezi inayi ndi masiku khumi monga mwa mwambo, kenaka anazipinda n'kubwerera kuntchito, chifukwa ana obadwa sadikira kuti mzamba atsirize kulira. Kunyumba kunkatsala anthu awiri: apongozi ake, Lalla Zhor, amene maondo awo anali atayamba kukana masitepe, ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Rim, wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Bambo ake akadali moyo, Rim ankalongolola ngati wailesi. Nthawi imene pakamwa pake pankathamanga koposa inali ya m'mawa. Lalla Zhor ankadzuka kusanache n'kukanda ufa, kuumba mitanda isanu yobulungira, kuiyala pathabwa lalitali la mkungudza ndi kuifunditsa kansalu ka mizere yobiriwira. Abdeslam, atavala kale jekete ndi tayi, ankasenza thabwalo paphewa kupita nalo ku uvuni wa m'deralo, kwa Ba Layachi, amene ankaphikira mabanja onse a m'tinjira timeneto ndipo ankadziwa buledi wa nyumba iliyonse poona kansalu kokha. Anzake ankamuseka mphunzitsiyo kuti akugwira ntchito ya ana, iye n'kumangoyankha kuti nayenso ndi mwana wa munthu. Rim ankatsatira m'mbuyo atagwira mpendero wa jekete, akufunsa chifukwa chimene amphaka sapita kusukulu. Maliro atatha, thabwalo linakolekedwa pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndipo buledi anayamba kugula kusitolo. Palibe amene analamula zimenezi, zinangochitika. Mawu a Rim nawo anayamba kuphwa ngati chitsime cha m'chilimwe, mpaka anatsala awiri okha, "inde" ndi "ayi".

Mnzake wa kuntchito ndiye anamuuza Touria za bungwe lina la mumzinda wa padoko wa Tangier limene limabweretsa atsikana a ku Ulaya kudzakhala ndi mabanja chaka chathunthu, dongosolo limene eni ake amalitcha au pair. Touria anapita, kabuku kali m'manja. Mayi wa kubungweko, wa magalasi olendewera pachifuwa, analankhula pang'onopang'ono ngati munthu amene wabwereza mawu omwewo kambirimbiri. Anati mtsikanayo sadzakhala wantchito, komanso sadzakhala mlendo. Adzakhala ngati mkulu wake wa mwana. Adzakhala ndi chipinda chakechake ndi kiyi wake wa pakhomo. Adzadya pamene banja likudyera, chimene banja likudya. Adzasamala mwana maola asanu patsiku ndi kuthandiza tintchito ta m'nyumba timene mwana wamkazi aliyense amagwira kwawo. Masana atatu pamlungu adzapita kukaphunzira Chiarabu, tsiku limodzi lidzakhala lake lopuma, ndipo patsikulo si bwino kumufunsa kumene akupita. Adzalandira kangachepe kogulira sopo ndi kukwerera basi. Ngati mbali ina yaona kuti zinthu sizikuyenda, ichenjeze inzake kudakali milungu iwiri.

"Dzenje limene mabanja ambiri amagweramo ndi limodzi," anatero mayiyo. "Mwezi woyamba amati mwana wathu, mwana wathu. Mwezi wachitatu mwana wathu uja akukolopa masitepe, akuchapa makapeti, akudyera kukhitchini. Mukachita zimenezo ndidzabwera ndekha kudzamutenga."

Touria anamwetulira koyamba m'masiku ambiri. Anati zoterozo m'nyumba ya apongozi ake sizingachitike, ndipo ananena zoona.

Atawafotokozera Lalla Zhor, mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa funso limodzi lokha, ngati mtsikanayo ali ndi mayi ake. Touria anati ali nawo, ndipo ali moyo.

"Ndiye amulola kukagona m'nyumba ya anthu osawadziwa?" Kenaka anati, "Chabwino, abwere. Mwana wa eni ameneyo sadzalira m'nyumba muno."

Nerea anafika kumayambiriro kwa Okutobala. Anali ndi zaka makumi awiri, mwana wachitatu mwa ana asanu a dalaivala wa basi wa kumpoto kwa Sipeini, mtsikana wa manja akuluakulu ndi kuseka kosabisa mano. Lalla Zhor anamulandirira pakhomo ndi mkaka ndi zipatso za kanjedza. Anamukhazika pabalaza la alendo, pampando wa pakona pamene pamakhala wolemekezeka, ndipo anatsegula kabati n'kutulutsa matambula a milomo yagolide. Touria anawazindikira nthawi yomweyo, pakuti matambulawo anawagwiritsa ntchito komaliza pothirira tiyi anthu odzapepesa maliro. Anaona kuti Rim nayenso akuwayang'ana. Anadzitonthoza kuti ulemu wotere ndi wa masiku atatu, monga zimakhalira ndi mlendo aliyense, pambuyo pake matambula adzabwerera m'kabati. Masiku atatu anatha, mlungu unatha, mwezi unatha, matambula sanabwerere.

Nerea akati anyamule mbale pambuyo pa chakudya, dzanja la Lalla Zhor linali litafika kale pamkono pake. "Khalani pansi, mwana wa eni, musatichititse manyazi." Akati alowe m'khitchini, ankapeza mayiwo ataima pakhomo ngati mlonda, akumwetulira. Akati aperekeze Rim kusukulu, Lalla Zhor ankavala mkanjo wawo wotulukira n'kupita okha, akutsimphina, kuti anthu asanene kuti nyumba ya malemu Abdeslam yayamba kutuma alendo. Ndipo Rim akangoyandikira mpando wa pakona uja, mawu anali amodzimodzi: "Choka apo, usavutitse alendo."

Ngakhale tsiku lopuma linasanduka mtolo. Lamlungu loyamba Nerea anapita kokayenda ndi anzake a kusukulu ya Chiarabu. Lalla Zhor sanamufunse kumene akupita, pakuti lamulo limenelo anali atalimva, koma anavindikira mphika n'kunena kuti m'nyumba mwawo sadya mlendo asanadye. Mtsikanayo atabwera dzuwa litapendeka anapeza anthu atatu atakhala mozungulira tebulo, chakudya chitazizira, mwana akusinza ndi njala. Lamlungu lotsatira sanatulukenso.

Mayi wa nyumba yoyandikana, Lalla Mennana, anasuzumira tsiku lina kudzabwereka mtondo wa zokometsera, naona Nerea atakhala yekha pabalaza, manja ali pamaondo. Anafunsa monong'ona, koma mokweza ndithu kuti onse amve, ngati chidole cha ku Sipeinicho amachipukuta fumbi tsiku lililonse kapena Lachisanu lokha. Lalla Zhor anawayankha kuti abweze kaye sefa imene anabwereka chaka chatha.

Zonsezi Touria ankaziona pang'ono chabe. Ankachoka m'mawa, kubwera atatopa, n'kupeza Nerea akumwetulira, masaya akudzaza. Iye ankalondera khomo limene mayi wa kubungwe anamuchenjeza, osadziwa kuti mbala ikulowera lina.

Madzulo ena a mu Novembala anaweruka msanga, ndipo anakwera padenga lafulati la nyumbayo kukaanula zovala mvula isanagwe. Ali pakati pa masitepe anamva mawu amene anali atayamba kuiwala kamvekedwe kake.

"Ayi, iwe, si choncho. Lilime lako ndi lolemera ngati la ng'ombe. Tanenanso."

Anali Rim. Nerea anabwereza liwu la Chiarabu limene ankaphunzitsidwalo, n'kulilakwitsanso, mwina mwadala, ndipo mwanayo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anayamba kumufotokozera mayina a amphaka onse a padenga la Lalla Mennana, amene amaba nsomba ndi uti, amene bambo ake ankamutcha nduna ndi uti. Touria anakhala pansi pasitepe, dengu lili pamiyendo, dzanja lili pakamwa. Anazindikira kuti awiriwo apeza malo amodzi okha m'nyumba yonse amene maondo a agogo sangafikeko. Sanakwere. Anatsika mwakachetechete, zovala zinanyowa ndi mvula, ndipo iye sanadandaule. Kuyambira tsikulo anadziwa kuti mawu a mwana wake abwerera, koma akolekedwa pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akachoka adzagwanso pansi.

Lachisanu lotsatira, atatha kudya kusikusi, chakudya cha timibulu ta tirigu, Lalla Zhor anakagona pang'ono monga mwa chizolowezi chawo. Touria anali m'chipinda mwake akusita yunifolomu. Nerea ndi Rim anakodolana ndi maso, natola matambula a tiyi n'kulowa nawo m'khitchini monyang'ama ngati akuba. Wamkulu ankatsuka, wamng'ono ankapukuta. Kenaka kunamveka kusweka kwa galasi.

Touria atafika anapeza apongozi ake atafika kale. Tambula imodzi yagolide inali zidutswazidutswa pamapazi a Nerea, thovu la sopo likudontha m'manja mwake. Lalla Zhor anamuyang'ana mtsikanayo ndi nkhope yowala, namuuza kuti palibe kanthu, tsoka limene likanagwera munthu lagwera galasi, ndipo anamugwira pamkono kuti asaponde zidutswa. Kenaka anatembenukira kwa Rim, nkhope itada ngati mitambo ya mvula.

"Iwe, ndinakuuza chiyani? Wamukokera mlendo kumadzi otsukira mbale? Bambo ako akanakhalapo ukanachita zimenezi?"

"Ndaswa ndine, Lalla," anatero Nerea m'Chiarabu chake chothyokathyoka. "Mwana sanachite kanthu. Kalipirani ine."

"Mlendo sakalipiridwa," anayankha Lalla Zhor mofatsa. Anamutulutsa, namukhazika pabalaza, n'kumubweretsera mbale ya timakeke ta uchi.

Rim sanalire. Anapinda kansalu kopukutira bwinobwino, anakaika patebulo, anakwera masitepe mpaka pakati n'kukhala pansi. Tsiku limenelo ngakhale "inde" sanamveke.

M'mawa mwake Nerea anapempha kuti aperekeze Touria kokwerera basi. Anayenda mpaka kutuluka pachipata cha mzinda wakale asanalankhule. Kenaka mtsikanayo ananena, mosakaniza Chisipanishi ndi Chiarabu, kuti waimbira foni mayi wa kubungwe, ndipo milungu iwiri ija yayamba. Anati sanaonepo anthu okoma mtima ngati a m'nyumba imeneyo, ndipo ankanena zimenezi misozi ikutsika.

"Kwathu ndikaswa mbale, amayi amakuwa mpaka agalu a aneba ayankhe. Kuno ndaswa tambula yagolide, ndapatsidwa keke. Ndakhala nanu milungu isanu ndi iwiri, Touria, koma sindidziwa pamene mumasunga mchere."

Touria anamupempha kuti apirire, kuti apongozi ake ndi munthu wakale, adzazolowera. Nerea anapukusa mutu. Anati zikanakhala za iye yekha akanapirira, koma mwana amakalipiridwa nthawi iliyonse akamuyandikira, ndipo iye sanaoloke nyanja kudzabisala padenga. Kuli bwino achoke tsopano, mwanayo asanamuzolowere kwambiri.

"Wakuzolowera kale," anatero Touria. Basi inafika, ndipo anakwera asanamve yankho.

Masana anaimbira mayi wa magalasi uja. Mayiyo anausa moyo, navomera kuti za dzenje lachiwirili anaiwala kuchenjeza, chifukwa ogweramo ndi ochepa. Anati mtsikana wotere amasiya kwawo kuti akakhale wofunika kwa wina wake. Ukamumanga manja ndi ulemu amafota chimodzimodzi ndi amene wamuthyola msana ndi ntchito. Anatinso iye alibe mphamvu yomukakamiza kukhala.

Lalla Zhor atamva kuti mtsikanayo akupita sanadabwe. Anati mlendo ndi mame, ndipo chofunika n'chakuti akanene kwawo kuti anasungidwa bwino. Anaitanitsa telala n'kumusoketsera mkanjo wa silika uja. Anayamba kuphika timakeke toti akapatse mayi ake. Ulemu unawirikiza, ndipo Rim anakhazikika pasitepe yake ija, akudya ngati mbalame, maso ali pachitseko cha chipinda cham'mwamba, mmene chikwama chinkadzaza tsiku ndi tsiku.

Zaka zisanu ndi zinayi Touria anali atakhala ndi apongozi ake osakwezerana mawu. Abdeslam ali moyo, nkhani zovuta zinkadzera mwa iye. Tsopano mlatho unali utagwa, ndipo akazi awiriwo ankalambalalana mwaulemu, aliyense akuopa kukhudza bala la mnzake. Masiku anatha Touria akuti ndinena mawa, ndinena mawa. Linafika Lachiwiri, sitima ili ya mawa lake masana.

Anawapeza m'khitchini dzuwa likupendeka, akuyala timakeke m'kabokosi kachitsulo, pepala pakati pa mzere uliwonse. Anakhala pakampando kafupi moyang'anizana nawo, ndipo analankhula maso ali pansi. Anawauza za padenga, za lilime la ng'ombe, za amphaka a Lalla Mennana. Anawauza za mchere. Anawakumbutsa mawu a papepala la bungwe, kuti mtsikanayu anabwera kudzakhala mwana wa m'nyumba, ndipo mwana wa m'nyumba amatsuka mbale, amatumidwa, amakalipiridwa.

Manja a Lalla Zhor anaima.

"Mwana wa m'nyumba," anabwereza. "Mawu amenewo, make Rim, ine ndinawamva ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditaima pamene pali firiji apo."

Touria ankadziwa kuti apongozi ake ndi ochokera kumapiri. Zoposa pamenepo palibe amene anamuuzapo, ngakhale mwamuna wake. Tsopano anamva. Chaka cha chilala, bambo awo anawatsitsa kumudzi pabulu, nawapereka kwa eni nyumba yomweyi, amene analonjeza pamaso pa Mulungu kuti adzamusunga mwanayo ngati wawo. Mwana wawoyo ankagona pansi pa masitepe, ankadya zotsala ataimirira, ankakolopa bwalo lonse dzuwa lisanatuluke. M'mawa uliwonse ankasenza thabwa la buledi pamutu, wopanda nsapato, kaya ndi mvula kaya ndi mphepo, mpaka tsitsi la paliwombo linathothoka. Mayi ake atamwalira kumudzi anamva patapita miyezi iwiri, wogulitsa makala wina atatchula mosadziwa. Zoti pambuyo pake mwana wamwamuna wa m'nyumbamo anamukwatira, abale onse akukana, imeneyo inali nkhani ina, ndipo sinafufute yoyambayo.

"Tsiku limene makiyi a nyumba ino analowa m'manja mwanga ndinalumbira," anatero Lalla Zhor. "Mwana wa munthu wina sadzagwira tsache muno, sadzanyowetsa manja, sadzasenza kanthu. N'chifukwa chake sindinalembepo wantchito, ngakhale maondo atandithera chonchi. Ndiye iwe ukubwera ndi pepala lako."

Touria anadziwa kuti panalibe mawu opepuka oyenera kusanjikidwa pamwamba pa amenewo. Maso ake anagwera kuseri kwa chitseko.

"Amayi, nanga Abdeslam? Thabwa lomwelo analisenza zaka makumi atatu. Anali wantchito?"

"Ameneyo anandilanda yekha," anayankha Lalla Zhor. "Ali ndi zaka khumi. Anati amayi, mwasenza mokwanira."

"Anapempha yekha, inu munamupatsa. Uyunso akupempha yekha." Touria anakweza maso koyamba. "Inu munalibe khomo lotulukira, amayi. Uyu kiyi ali naye, tikiti ali nayo, mayi ake amalankhula nawo tsiku lililonse. Palibe chimene tingamusenzetse iye asakufuna. Chokhacho chimene tingathe ndi kumumana, ndipo mawa atuluka. Ndiye Rim adzakhala ataphunzira kawiri kuti munthu ukamukonda amachoka."

Lalla Zhor anatola keke ina, anaiika m'kabokosi, anayala pepala, anatseka chivindikiro. Kenaka anapempha Touria kuti awathandize kudzuka, chifukwa nthawi ya mapemphero inali itakwana. Touria anawadzutsa, mtima ukumuuza kuti walephera, ndiponso kuti watsegula bala la munthu wamkulu pachabe.

Kutacha Lachitatu, chimene chinamudzutsa Touria silinali belu la wotchi. Kunali kugunda kwapansipansi, kobwerezabwereza, kochokera kukhitchini, kumene nyumbayo inali isanakumve chichitikireni maliro: nkhonya zikumira mu ufa, mbale yaikulu yadothi ikugunda pansi. Anatsika atafunda shawelo. Rim anali atatsogola kale, ataima pakhomo la khitchini ndi zovala zogonera, wopanda nsapato.

Lalla Zhor anali pakampando kafupi, manja a malaya atawapindira m'zigongono, thukuta lili pamphumi. Sanapereke moni kwa aliyense. Anaumba mitanda isanu, naifunditsa kansalu ka mizere yobiriwira, kamene kankanunkhabe fungo la m'kabati. Msomali wa kuseri kwa chitseko unali wopanda kanthu. Atatuwo anadikira kuti mitanda ifufume, ndipo Touria sanayerekeze kufunsa amene adzaipititse.

Nthawi itayandikira eyiti koloko, Nerea anatsika masitepe akukoka chikwama, atavala jekete la paulendo, maso ali otupa. Basi ya ku Tangier inali ya naini. Anaima pabwalo, akufunafuna mawu otsanzikira amene anali atawaloweza m'Chiarabu. Lalla Zhor sanamupatse mpata.

"Iwe, dzuwa lafika pamutu ndiye ukutsika pano? Kwanu amagona chonchi? Chotsa chikwama icho, chikutitsekera njira. Ba Layachi sadikira munthu. Ukachedwa, buledi wathu alowa kumapeto moto utazirala."

Nerea anayang'ana Touria. Touria anayang'ana pansi, pakuti yankho silinali lake. Mtsikanayo anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenaka manja a mayi wokalambayo, amene anali atatambasulidwa kwa iye, kansalu kaja kali pamwamba pa chimene ananyamula. Kenaka anakankhira chikwama pansi pa masitepe ndi phazi, n'kutambasula manja ake akuluakulu aja.

"Ugwire ndi manja awiri," anatero Lalla Zhor. "Ndinakuona, manja ako ndi oterera, amaswa zinthu. Tambula ija inali ya paukwati wanga, ukudziwa? Ukagwetsanso ichi udzandidziwa. Pobwera udzere kwa Mennana, ukamuuze kuti sefa yanga ndikuifuna lero."

"Sadziwa njira," anamveka mawu aang'ono pakhomo.

Rim anali atavala kale nsapato, yamanja kumanzere, yamanzere kumanja. Anayandikira, anagwira mpendero wa jekete la Nerea, ndipo palibe amene anamuuza kuti achoke.

Touria anaima pakhomo lakunja n'kuwaona akutsika kanjira kopapatiza, wamkulu akuyenda mosamala ngati wanyamula khanda, wamng'ono akuloza uku ndi uku, pakamwa posatseka. Zenera la Lalla Mennana linatseguka, kenaka la nyumba ina, ndipo dera lonse linaona kansalu ka mizere yobiriwira kakudutsa paphewa la mwana wa ku Sipeini. Atabwerera m'khitchini anapeza apongozi ake akusamba m'manja, akutsukabe ngakhale ufa unali utachoka kale. Touria anatenga matambula agolide otsalawo, anawapukuta, nawabwezera m'kabati. Mayiwo anamuona, koma sanamuletse.

Basi ya naini inapita yopanda Nerea, ndipo mtsikanayo anakhala m'nyumbamo mpaka chaka chake chinakwana. Chimene anapatsidwa m'mawa umenewo linali thabwa lakale la mkungudza, lonyamulira buledi kupita ku uvuni.